NYAMA YA MFUMU NDI MPHIKA WA MLIMI

Nsima siyenda yokha. Imafuna ndiwo. Lero ndi nkhwani, mawa nyemba, mkuja cigwada kapena usipa. Nyama imabwera mwa kamodzikamodzi. Ikabwera, nyumba yonse imasangalala.

Koma nyama ya m'thengo ili ndi mlandu wake. Munthu akapha mbawala kapena gwape, afisikale amamufunsa kuti: "Lisensa ili kuti?" Lisensa ndi cikalata ca boma copatsa munthu cilolezo ca kusaka. Makolo athu akale sankacidziwa cikalata cimeneci. Nanga cinacokera kuti? Cinkagulidwa ndalama zingati? Ndani ankatha kucigula?

Anzanga ophunzira, kuti tiyankhe mafunso amenewa tiyamba ulendo wathu kutali, ku dziko la England, ku Ulaya. Tikatero tibwerera kuno kwathu ku Mosambiki.

1. Cakudya ca mlimi wa ku England

Ku Ulaya kulibe ngoma, nswala kapena mphalapala. Kuli nyama ina yofanana ndi mbawala. Apwitikizi amaicha veado, Angerezi amaicha deer. Yamphongo ili ndi nyanga za nthambinthambi ngati mtengo. Nyangazo zimathothoka caka ndi caka, n'kumeranso zina. M'phunziro lino tidzaicha mbawala ya ku Ulaya.

Zaka 900 zapitazo anthu ambiri a ku England anali alimi ngati ife. Ambiri analibe dziko laolao. Ankalima pa malo a bwana, ndipo masiku ena pa sabata ankagwira nchito m'munda wa bwanayo popanda malipiro.

Cimanga sankacidziwa. Mbatata ya kacewere sankaidziwanso. Mbeu ziwirizi zinacokera ku America pambuyo pa caka ca 1492. Iwo ankadya mkate wakuda wa balere ndi mbeu zina zonga tirigu. Mkate woyera wa tirigu unali wa olemera. Pamoto pankakhala mphika wa phala losakaniza balere, nsawawa, nyemba, kabici ndi anyezi. M'mawa phala, madzulo phala. Banja lokhala ndi nkhumba linkaipha nyengo yozizira ikamayamba. Nyamayo ankaithira mcere kuti iwafikitse miyezi ingapo, kadulidwe kang'onokang'ono mumphika.

Pafupi ndi midzi yao panali nkhalango. M'nkhalangomo munali mbawala ndi nguluwe. Usiku nyamazi zinkalowa m'minda ndi kudya mbeu. Koma mlimi sankaloledwa kuzigwira.

2. Lamulo la nkhalango

M'caka ca 1066 William wa ku Normandy anawoloka nyanja ndi asilikali ake, nalanda dziko la England. Mfumu imeneyi inkakonda kusaka koposa. Inapatula madera akuluakulu kuti akhale osakamo mfumu yokha. Limodzi mwa maderawo ndi New Forest, limene linapatulidwa ca m'ma 1079 ndipo lilipo mpaka lero.

M'madera amenewa munali midzi ndi minda ya anthu. Midziyo inalowa pansi pa lamulo latsopano, lamulo la nkhalango. Mlimi sankaloledwa kupha mbawala. Sankaloledwa kudula mtengo waukulu kapena kuswa mphanje popanda cilolezo. Sankaloledwa kuyenda ndi uta ndi mibvi m'nkhalango. Galu wake wamkulu ankamudula zikhadabo zitatu za mwendo wakutsogolo kuti alephere kuthamangitsa nyama. Olemba mbiri a nthawi imeneyo ananena kuti William analamula kuti wopha mbawala azimucotsa maso.

Mwana wake, William waciwiri, anasunga malamulo omwewo mwankhanza. M'caka ca 1100 iye anafa ndi mubvi ali pa ulenje m'nkhalango yomweyo ya New Forest. Koma lamulo silinafe naye. Pa nthawi ya mfumu Henry waciwiri, amene analamulira kuyambira 1154 mpaka 1189, nkhalango za mfumu zinakula koposa kale lonse. Milandu ya m'nkhalango inasanduka munda wa ndalama, cifukwa mfumu inkalemera ndi zindapusa.

Anthu anadandaula. Ngakhale nduna ndi eni malo anatopa nazo. M'caka ca 1217, pamene mfumu Henry wacitatu anali mwana wa zaka khumi, akuluakulu a dziko anatulutsa Pangano la Nkhalango. Panganoli linati munthu asaphedwenso kapena kudulidwa ciwalo cifukwa ca nyama ya mfumu. Wogwidwa azilipira cindapusa cacikulu. Ngati alibe ndalama, akhale m'ndende caka cimodzi ndi tsiku limodzi. Akatuluka apeze anthu omuimira, ndipo akapanda kuwapeza acoke m'dziko. Mfulu inaloledwa kudyetsa nkhumba zake ndi kufula uci m'nkhalango yake.

Taonani tsankho lake. Pangano lomwelo linalola bishopu kapena nduna yodutsa m'nkhalango ya mfumu kupha nyama imodzi kapena ziwiri. Cofunika cinali cakuti mlonda aone, ndipo ngati mlonda palibe, aombe lipenga kuti asaoneke ngati mbala. Koma mlimi wopezeka ndi galu wosadulidwa zikhadabo ankalipira mashereni atatu. Amenewa anali malipiro a masabata angapo a munthu waganyu.

3. Mpanda wa cuma

Patapita nthawi, mphamvu ya mafumu inacepa, ndipo mphamvu ya eni minda ikuluikulu inakula. Iwo ndiwo ankakhala m'nyumba ya malamulo. Anapanga malamulo owakomera okha.

M'caka ca 1381 alimi a ku England anaukira mabwana ao cifukwa ca msonkho ndi ukapolo. Anagonjetsedwa. M'caka ca 1390 panatuluka lamulo lakuti munthu wopanda malo obweretsa mashereni 40 pa caka asasunge agalu osakira kapena maukonde. Wolakwa ankamangidwa caka cimodzi. Mabwana ankaopa kuti anthu osauka akasonkhana ku ulenje adzapangana za kuukira.

M'caka ca 1671 mpanda unakwera. Tsopano wofuna kusaka kalulu, nkhwali ndi mbalame zina anayenera kukhala ndi malo obweretsa mapaundi 100 pa caka. Banja la munthu waganyu pa nthawi imeneyo linkapeza pafupifupi mapaundi 15 pa caka conse. Mlimi wobwereka munda sankaloledwa kupha ngakhale kalulu amene akudya mbeu zake. Mbawala zambiri zinali m'mipanda ya anthu olemera, ndipo zinkawerengedwa ngati cuma cao.

Anthu sanaleke kusaka. Njala simva lamulo. Ena ankapita usiku atadzipaka makala kumaso kuti asadziwike. Izi zinacitika kwambiri ku Windsor ndi ku Hampshire. M'caka ca 1723 boma linayankha ndi lamulo loopsa lochedwa Black Act, ndiko kuti Lamulo Lakuda. Linachula milandu yoposa 50 imene cilango cake cinali imfa. Kupezeka m'nkhalango uli ndi cida ndi nkhope yopakidwa makala kunali kokwanira kuti munthu anyongedwe. Lamuloli linakhala zaka 100. Mbali yake yaikulu inafafanizidwa mu 1823.

Pambuyo pake panabwera lamulo la 1828. Munthu wogwidwa kacitatu akusaka usiku ankatha kuthamangitsidwira ku Australia kwa zaka 7. Anthu atatu kapena oposa, opezeka pamodzi usiku ali ndi zida, ankatha kulandira zaka 14. Ku Australia ndi kutsidya lina la dziko lapansi. Ambiri sanabwererenso kwao.

4. Cikalata ndi mtengo wake

M'caka ca 1784 boma la England linayamba kugulitsa cikalata ca kusaka, kuti lipezepo msonkho. Poyamba cinali ca eni malo okha. M'caka ca 1831 lamulo linasintha. Linati munthu aliyense angathe kusaka ngati wagula cikalata ndipo mwini malo wamulola. Lamuloli linaikanso miyezi yoletsa kusaka, kuti mbalame ziswane.

Pa pepala, wolemera ndi wosauka anafanana. Tiyeni tiwerenge masamu. Lamulo la 1860 linaika mtengo wa lisensa ya caka conse pa mapaundi atatu. Lisensa imeneyi inkafunika ngakhale posaka mbawala kunja kwa mpanda. Paundi imodzi inali mashereni 20. Mapaundi atatu anali mashereni 60. Wanchito wa m'munda ankalandira mashereni 11 kapena 12 pa sabata. Ndiye kuti lisensa inali malipiro a masabata asanu athunthu, osagula mkate, osalipira nyumba. Wosaka popanda lisensa ankalipira mpaka mapaundi 20, malipiro oposa a miyezi isanu ndi iwiri. Ndipo ngakhale atagula lisensayo, akanasaka pa malo a yani?

Cakudya ca wanchitoyo cinali mkate, mbatata ya kacewere ndi tiyi wopyapyala. Kanyama ka nkhumba kankaoneka tsiku la Mulungu, ndipo gawo lalikulu linkapita kwa bambo kuti akhale ndi mphamvu ya nchito. Amai ndi ana ankatsala ndi msuzi. N'cifukwa cake m'midzi yambiri munthu wosaka mobisa sankamuona ngati mbala.

Lisensa imeneyi inathetsedwa ku England mu 2007, mtengo wake uli mapaundi 6 okha. Mimbulu ya kumeneko, imene inkadya mbawala, inatha kalekale, ndipo mbawala zaculuka mpaka kuononga mbeu ndi mitengo yaing'ono. Komabe wofuna kuombera mbawala ayenera kukhala ndi cikalata ca mfuti cocokera ku polisi ndi cilolezo ca mwini malo, ndipo ayenera kusunga miyezi yoikidwa ndi lamulo.

Ku Portugal nakonso mafumu anali ndi malo ao osakirako. Ankawacha coutada. M'caka ca 1747 mfumu João wacisanu anapatula nkhalango ya ku Mafra, imene inazingidwa ndi khoma, kuti mafumu azisakamo mbawala. Kumbukirani mau amenewa akuti coutada. Tikumana nawonso.

5. Kwathu atsamunda asanalamulire

Tsopano tibwerere kwathu. Makolo athu akale ankadya nsima ya mapira ndi mawere. Cimanga ndi cinangwa zinafika pambuyo pake, kucokera ku America, ndi zombo za Apwitikizi. Ndiwo za tsiku ndi tsiku zinali masamba, nyemba, khobwe, bowa, nsomba, mbewa, ngumbi ndi mphalabungu. M'madera a kashembe ng'ombe sizinkakhala. Kumeneko nyama ya m'thengo inali yofunika kwambiri.

Kunali alenje odziwa nchito yao. Kunalinso uzimba wa mudzi wonse m'cilimwe, anthu atakolola. Amuna ankapita ndi agalu, mauta, mikondo, zibonga ndi maukonde. Ena ankakumba mbuna m'njira za nyama. Anyamata ankachera misampha ndi maliwa, ndi kukumba mbewa.

Kodi kunalibe lamulo? Linalipo, ngakhale silinalembedwe. Uzimba unkayamba ndi cilolezo ca mfumu mwini dziko. Pa nyama yaikulu mfumu inkalandira gawo lake. Njobvu ikaphedwa, mnyanga umene wagwera pansi unali wa mwini dziko. Woyamba kulasa anali ndi gawo lake, ndipo othandiza anali ndi magawo ao. Nkhalango za kumanda ndi za mizimu sizinkasakidwa. Anthu ena sankadya nyama ya mfunda wao. Nyama ikafika kumudzi inkagawidwa, ndipo nkhalamba zinkalawako.

Tisaiwale kuti nyama zinayamba kucepa atsamunda asanakhazikitse malamulo ao. Malonda a minyanga anabweretsa mfuti zambiri. Ku cigwa ca Zambezi, Acikunda ankapha njobvu m'malo mwa eni maprazo ndi amalonda. Alenje acizungu anabwera ndi mfuti zamphamvu. M'zaka za m'ma 1890 mliri wa ng'ombe unatsika kucokera kumpoto. Unawoloka Zambezi mu 1896, nupha ng'ombe, njati, ngoma ndi nchefu zosawerengeka.

6. Lamulo liwoloka nyanja

Pa 19 Meyi 1900, maiko a atsamunda anasaina pangano ku London lonena za nyama za mu Africa. Panali Britain, Germany, France, Italy, Spain, Portugal ndi boma la mfumu ya Belgium ku Congo. Panalibe mfumu ya mu Africa ngakhale imodzi.

Panganoli linati munthu asasake popanda lisensa. Linati papatulidwe malo osungiramo nyama, ndipo pakhale miyezi yoletsa kusaka. Linati maukonde ndi mbuna zicepetsedwe. Maiko ambiri sanalitsimikize panganoli, koma maganizo ake analowa m'malamulo a atsamunda. Pangano lina la mtundu womwewo linasainidwa ku London mu 1933.

Ganizani bwino. Ukonde ndi mbuna zinali zida za yani? Zinali za munthu wakumudzi. Mfuti yatsopano ndi ndalama ya lisensa zinali ndi yani? Zinali ndi mtsamunda. Cotero mlendo wosaka pofuna kusewera anachedwa mlenje, ndipo mwini dziko wosaka ndiwo anachedwa mbala. Zimene zinagwera mlimi wa ku England zinagwera makolo athu, koma kuno tsankho linali la khungu.

M'caka ca 1920 Companhia de Moçambique inapatula malo ku Gorongosa kuti akuluakulu a kampaniyo ndi alendo ao azisakako. Pambuyo pake anthu ena okhala m'cigwa cimeneco anacotsedwa. Mu 1960 Gorongosa inasanduka paki ya dziko. Mu 1954 kunapatulidwa malo osungiramo nyama ku Niassa, m'mbali mwa mitsinje ya Rovuma ndi Lugenda. M'zaka za m'ma 1960 boma la atsamunda linadula madera akuluakulu, makamaka ku Manica ndi Sofala, n'kuwacha coutada, dzina lomwe lija la ku Portugal. Kumeneko anthu olemera a ku Ulaya ndi ku America ankalipira ndalama zambiri kuti aombere njati, mkango kapena mphalapala.

Pa nthawi yomweyo mphika wa mlimi unapepuka. Amuna ankatengedwa kupita ku cibalo. Ena ankathawira ku Nyasaland ndi ku Rhodesia kukafuna ndalama ya msonkho. Kuyambira 1938 mpaka 1961 mabanja ambiri anakakamizidwa kulima thonje. Asipayo ankayendera minda. Nthawi yolima mapira ndi nyemba inasowa. Ambiri anatembenukira ku cinangwa, cifukwa sicifuna nchito yambiri, koma sicipatsa thupi mphamvu zonse. Nyama ili pafupi, ndiwo palibe.

7. Pambuyo pa ufulu

Pa 25 Juni 1975 tinalandira ufulu. Nthaka, nkhalango ndi nyama zinakhala cuma ca dziko. Koma nkhondo imene inatha mu 1992 inaononga zambiri. Asilikali ndi anthu othawa nkhondo ankadya nyama za m'thengo. Minyanga inkagulitsidwa. Ku Gorongosa, mwa nyama zikuluzikulu khumi zilizonse, zoposa zisanu ndi zinai zinatha. Apa tinaphunzira cinthu cowawa. Thengo lopanda lamulo limasanduka thengo lopanda nyama.

Mtendere utabwera, anthu anafuna njira yatsopano. Mu 1994 ku Bawa, m'dera la Mágoè ku Tete, kunayamba nchito yochedwa Tchuma Tchato, ndiko kuti cuma cathu. Midzi inasankha makomiti ndi alonda ao. Gawo la ndalama zolipiridwa ndi alendo osaka linayamba kubwerera kumidzi. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ku Sanga, ku Niassa, kunayamba nchito yofanana nayo, Chipanje Chetu.

Mu 1999 kunatuluka lamulo la nkhalango ndi nyama za m'thengo. Lamuloli linavomereza kuti anthu akumudzi angathe kusaka za ndiwo zao ndi lisensa yapafupi, m'malo ololedwa ndi pa nyengo yololedwa. Malamulo otsatira a mu 2002 ndi 2005 anati pa meticais 100 zilizonse zimene boma litolera pa mitengo ndi nyama za m'dera, 20 zibwerere kwa anthu a m'deralo. Kuti ndalamazo zifike, mudzi uyenera kukhala ndi komiti yolembetsedwa ndi buku la ku banki. Apa mpamene kudziwa kuwerenga ndi kulemba kumagwira nchito. Midzi ina inalandira, n'kukumba zitsime ndi kugula zigayo. Midzi ina inadikira nthawi yaitali. Kwina ndalama zinathera m'manja mwa anthu ocepa, cifukwa ambiri sankatha kuwerenga mabuku a komiti.

Lamulo linakhwimanso pa nyama zotetezedwa. Lamulo la 2014, limene linakonzedwanso mu 2017, linaika cilango cofika zaka 16 m'ndende kwa wopha nyama zoletsedwa ndi wogulitsa minyanga.

8. Tiphunzirapo ciani?

Mbiri imeneyi itionetsa malamulo a mitundu iwiri. Pali lamulo losunga nyama kuti ziswane, monga kuleka kusaka pa nyengo ya ana a nyama ndi kuleka kutentha thengo cisawawa. Lamulo lotere makolo athu akanalimva. Palinso lamulo losungira nyama anthu ocepa, monga la William, la 1671 ndi la atsamunda. Lamulo lotere limabala udani, ndipo anthu amaliswa usiku.

Mabvuto sanathe. Njobvu ndi nguluwe zimaonongabe minda. Lisensa imatengedwa kutali, ku ofesi. Ndiwo n'zosowa m'nyumba zambiri. Kuweta nkhuku, abakha, mbira ndi mbuzi, ndi kulima nyemba, nandolo ndi nsawa, kumathandiza mphika popanda mlandu. Koma za m'thengo ziyenera kukambidwa pa bwalo, anthu onse ali pomwepo, amai ndi abambo. Wofuna kusaka afunse kaye ku ofesi ya boma ya m'dera lake kuti adziwe nyama zololedwa, miyezi yake ndi mtengo wake, ndipo akalipira alandire risiti ndi kuliwerenga yekha.

Akuluakulu anati nkhanga zinapangana kusanapse. Tiyeni nafenso tipangane nyama zisanathe.

Mafunso okambirana

1. Alimi a ku England ankadya ciani tsiku ndi tsiku? Cakudya cao cifanana bwanji ndi cathu?

2. Wanchito alandira mashereni 12 pa sabata. Lisensa ndi mashereni 60. Adzagwira nchito masabata angati kuti aigule?

3. Funsani akuluakulu a m'mudzi mwanu malamulo a uzimba wakale. Ndi ati amene angathandize lero?

4. Boma latolera meticais 50.000 pa nyama ndi mitengo ya m'dera lanu. Pa 100 zilizonse, 20 ndi za midzi. Midzi idzalandira zingati?

5. Lembani maina asanu a nyama zimene zinalipo kale kwanu koma tsopano sizioneka.